Kutchuka ndi kuzilala kwa atsogoleri, mafashoni ndi malonda: mafunso ndi mayankho

Munthu amene wakhala m'Malawi muno zaka makumi atatu zapitazi waona zambiri zikukwera n'kutsika iye ali pomwepo. Apulezidenti amene ankavinidwa pabwalo la ndege anagwa pachisankho. Nsapato zimene mtsikana aliyense ankazilirira zili kunsi kwa bedi. Mafoni amene ankati ndi osafa akuseweretsa ana. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amakanganirana m'minibasi, pabawo ndi pamaliro usiku anthu akamachezera.

N'chifukwa chiyani mtsogoleri amene dzulo ankamuimbira nyimbo lero akumukuwiza?

Nkhani ya Bingu wa Mutharika imayankha bwino funso limeneli. Mu 2004 analowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, ndipo ambiri ankangomuona ngati munthu woikidwa ndi Bakili Muluzi. Mu 2005 anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, ndipo chaka chomwecho boma linayamba kugawa makuponi ogulira feteleza pamtengo wotsika. Mvula inagwa bwino m'zaka zotsatira, nkhokwe zinadzaza, anthu amene ankakumbukira njala ya 2002 anapuma. Pachisankho cha 2009 anapeza mavoti 66 pa 100 alionse, ndipo anawapeza m'zigawo zonse zitatu, zimene zinali zisanachitikepo chiyambire ndale za matipate. Mayina anachuluka: Chitsulo cha Njanji, Mose wa Lero, kenako Ngwazi.

Patangopita zaka ziwiri, pa 20 July 2011, anthu anali m'misewu ya Mzuzu, Karonga, Lilongwe ndi Blantyre kuchita zionetsero, ndipo anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Pakati pa 2009 ndi 2011 panachitika zambiri. Ndalama zakunja zinasowa, fodya sanayende bwino kuokushoni, kazembe wa Britain anathamangitsidwa mu April 2011, mayiko othandiza anagwira thumba, maphunziro ku Chancellor College anaima miyezi yambiri pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi. Koma chimene munthu wamba ankachiona ndi maso ake chinali mzere wa galimoto zogona pamalo omwetsera mafuta ndi zigubu zondandalikidwa m'mbali mwa msewu.

Anthu aja sanasanduke ena. Chimene ankakonda mu 2009 chinali nkhokwe yodzaza, ndipo dzina la Bingu linali pankhokwepo. Zinthu zitathina, dzina lomwelo linapezeka pamzere wa mafuta. Mtsogoleri amatenga ulemu wa zabwino zimene zachitika m'nthawi yake, ngakhale zina zachitika chifukwa cha mvula, ndipo amasenzanso zoipa zonse, ngakhale zina zachokera kunja. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndiye kuti zonse n'za m'mimba basi?

Zambiri, koma osati zonse. Pali chinthu china chimene Amalawi sachikhululuka msanga: kuonedwa ngati zitsiru. Muluzi anapambana mu 1994 ndi mu 1999, anali munthu wodziwa kuseketsa khamu ndiponso wa dzanja lotambasuka, koma atafuna kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu, mipingo ndi mabungwe anamuukira, ndipo mu July 2002 bilu yochotsa malire a materemu inalephera ku Nyumba ya Malamulo ndi mavoti atatu okha. Ku Zambia Frederick Chiluba anakumana ndi zomwezo mu 2001. Zionetsero za 2019 nazo sizinayambe chifukwa cha mtengo wa chimanga. Zinayamba chifukwa cha mapepala a zotsatira za chisankho ofufutidwa ndi Tipp-Ex, mpaka khoti linathetsa chisankhocho pa 3 February 2020.

Joyce Banda anakumana ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Atalowa mu April 2012, mafuta anabwerera, mayiko othandiza anabwerera, mbendera yakale inabwerera, ndipo kunja ankamuyamikira kwambiri. Koma kwacha inachepetsedwa mphamvu mu May chaka chomwecho, zinthu zinakwera mtengo, kenako mu September 2013 nkhani ya Cashgate inaphulika. Munthu amene akuvutika kugula sopo akamva kuti ena akupezeka ndi mamiliyoni m'mabuti a galimoto, mkwiyo wake umakhala wa mitundu iwiri. Mu 2014 mayiyu anakhala wachitatu, ndi mavoti pafupifupi 20 pa 100 alionse.

Nanga bwanji mtsogoleri watsopano amakondedwa asanagwire ntchito iliyonse?

Chifukwa gawo lalikulu la chikondicho ndi kutopa ndi amene wachoka. Lazarus Chakwera anapeza mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse mu June 2020, mothandizidwa ndi Saulos Chilima ndi zipani za mgwirizano wa Tonse, pa malonjezo a ntchito miliyoni imodzi, kudya katatu ndi feteleza wotchipa. Chaka choyamba cha AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotchipayo, thumba linalidi K4,495. Kenako kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 mu May 2022 ndi 44 pa 100 mu November 2023, namondwe Freddy anawononga kummwera, mizere ya mafuta inabwerera, ndipo mu September 2025 Chakwera anangopeza 33 pa 100. Amene anapambana, ndi pafupifupi 57 pa 100, anali Peter Mutharika yemwe uja anachotsedwa zaka zisanu m'mbuyomo.

Lonjezo likakula, kugwanso kumakula. Wandale aliyense amadziwa zimenezi, koma pakampeni palibe amene amapambana polonjeza zochepa.

Kodi khamu la pamsonkhano si umboni woti munthu akukondedwa?

Ndi umboni wofooka kuposa wina uliwonse. M'nthawi ya Kamuzu Banda mabwalo ankasefukira. Amayi a mbumba ankavina atavala nsalu za nkhope yake, ana asukulu ankandanda m'misewu, masitolo ankatsekedwa Ngwazi ikamadutsa. Koma munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi alibe khadi la chipani, ndipo wolankhula zosemphana ankatha kukathera ku Mikuyu. Mlendo woona khamulo akanati dziko lonse lili pambuyo pa mtsogoleri wamuyaya.

Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo anthu anazindikira kuti zimene aliyense ankang'ung'udza m'nyumba mwake, mnzake wapafupi ankang'ung'udzanso. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, munthu atatsala yekha ndi bokosi, nyali, chizindikiro cha matipate ambiri, inagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse. Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya: kugwa kumene kumaoneka kwadzidzidzi nthawi zambiri kunayamba kalekale, kungoti kunalibe pakamwa. Tisaiwalenso kuti chigawo chapakati chinavotera kwambiri chipani chimodzi, ndipo mu 1994 Kamuzu anapezabe gawo limodzi mwa magawo atatu a mavoti. Chikondi chenicheni chinaliponso, koma sichinali chachikulu ngati mmene mabwalo ankaonetsera.

Masiku ano mantha aja kulibe, koma kuli malole otuta anthu, matisheti, zitenje, oimba otchuka ndi kangachepe ka m'thumba, ngakhale lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti. Mayi mmodzi amatha kukhala ndi zitenje za zipani zinayi m'sutikesi. Voti ali nayo imodzi.

Kafukufuku wa maganizo a anthu tingamukhulupirire? Ine sanandifunsepo.

Safunika kufunsa aliyense. Bungwe la Afrobarometer limafunsa anthu 1,200 kapena 2,400 m'dziko, koma amasankhidwa mwamaere kuchokera m'zigawo zonse, m'tauni ndi kumudzi, amuna ndi akazi mofanana. Akasankhidwa motero, mayankho awo amayandikira kwambiri maganizo a dziko lonse. Mu 2014 kafukufuku wa bungweli anaonetsa Peter Mutharika ali patsogolo pamene ambiri ankaona ngati boma silingagwe, ndipo wa IPOR ya ku Zomba analozanso molondola wopambana mu 2020 ndi mu 2025. Nthawi zonse chipani chimene chatsalira chimati kafukufukuyo ndi wogulidwa.

Osakhulupirika ndi mavoti a pa Facebook ndi a mapulogalamu oimba foni pawailesi. Kumeneko olankhula amakhala okhawo amene ali ndi bandulo ndi mayunitsi, pamene ovota ambiri ali kumudzi.

Fashoni imayamba bwanji, ndipo imatheranji?

Imayamba ndi anthu ochepa amene ena amafuna kufanana nawo: woimba, wosewera mpira, mtsikana wobwera kuchokera ku Joni, mkwatibwi amene zithunzi za ukwati wake zazungulira pa WhatsApp. Otsatira oyamba amakhala a ndalama kapena olimba mtima. Kenako telala wa pakhonde amaona sitayiloyo n'kuisoka pamtengo wotsika, amalonda opita ku Dar es Salaam ndi ku China amabweretsa zofanana nazo, ndipo mabelo a kaunjika amamaliza ntchito. Pofika pamenepo chovala chija chili paliponse, kuyambira ku Area 47 mpaka kumsika wa ku Jenda.

Pomwepo ndi pamene imafera. Amene anaiyamba anaivala kuti asiyane ndi ena, ndiye aliyense akaivala iwo amathawira ku ina. Fashoni imaphedwa ndi kupambana kwake komwe, ndipo apa imasiyana ndi ndale. Wandale amafuna kuti aliyense amutsate. Chovala chikatsatidwa ndi aliyense, achinyamata amati chatha fasho.

Zimabwereranso, mwina pakapita zaka makumi awiri kapena atatu. Mathalauza otambalala kumapazi ndi tsitsi lachilengedwe losawotcha, zimene anthu ankaseka pazithunzi za makolo awo, zavalidwanso ndi ana amene sanazionepo zili zachikale.

Kodi boma kapena mpingo ungaletse fashoni?

Ungaitsekere, koma kuichotsa m'mitima n'kovuta. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa, ngakhale alendo pabwalo la ndege. Linagwira ntchito zaka makumi awiri chifukwa kumbuyo kwake kunali apolisi ndi achinyamata a chipani. Litangochotsedwa pa nthawi ya kusintha kwa ndale, mathalauza anadzaza m'matauni. Maganizo a anthu ena ndiwo anatsalira m'mbuyo: mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu anavula akazi ovala mathalauza ndi timasiketi, ndipo amayi anachita msonkhano waukulu wotsutsa nkhanzazo ku Blantyre, ambiri atavala mathalauza dala.

Mowa wa m'masacheti ndi nkhani ina. Unatchuka chifukwa unali wotchipa moti ngakhale mwana wasukulu ankaugula ndi ndalama ya mandasi. Boma litauletsa, ludzu la mowa wotchipa silinathe, linangosamukira m'timabotolo tapulasitiki.

Bwanji chitenje sichitha fasho?

Chifukwa chimagwira ntchito. Chimabereka mwana, chimayalidwa pansi, chimamangidwa m'chiuno pamaliro ndi pamaso pa apongozi, chimasanduka nkhata, katani kapena thewera. Zimene zimasintha ndi maluwa ake ndi masokedwe ake. Mtundu wina wa nsalu umatchuka chaka chino n'kuzilala chaka chamawa, koma chitenjecho chilipobe. Zinthu zimene zimangosangalatsa maso zimabwera n'kupita. Zimene zalowa m'ntchito za tsiku ndi tsiku zimachoka pokhapokha pabwere china chogwira ntchito yomweyo bwino koposa.

Amati katundu wabwino amadzigulitsa yekha. N'zoona?

Funso ndi lakuti wabwino kwa yani. Kwa zaka zambiri alangizi a zaulimi ankadabwa kuti alimi a m'Malawi akukaniranji chimanga cha haibulidi pamene chimabereka kuposa chamakolo. Ena ankati alimiwo ndi osamva. Yankho linali pamtondo. Haibulidi wa nthawi imeneyo anali wa njere zofewa: pokonola zinkaphwanyika, mphale inkatuluka yochepa, gaga wambiri, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankamumaliza msanga. Amayi, amene ndiwo ankasinja ndi kusunga chakudya, anali atawerengera kale zonsezi. Akatswiri a ku Chitedze atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu za njere zolimbirapo zimene zinkakonoleka ngati chamakolo, alimi ambiri anayamba kuzilandira. Mbewu yoyamba ija inali yabwino pasikelo ya mlangizi. Yachiwiriyi inali yabwino m'manja mwa mwini nsima.

Mafoni anayenda njira yofanana. Nokia inali kampani yaikulu koposa yopanga mafoni padziko lonse kwa zaka zoposa khumi, ndipo mafoni ake analidi olimba, batire yokhala masiku. Koma iPhone itatuluka mu 2007 ndipo mafoni a Android atatsatira, anthu anasiya kufunsa za kulimba n'kuyamba kufunsa ngati foniyo ili ndi intaneti yabwino. Pofika 2014 gawo la mafoni la Nokia linali litagulitsidwa ku Microsoft. BlackBerry, imene bwana aliyense ankainyadira chifukwa cha BBM, njira yake yotumizirana mauthenga, inamezedwa ndi WhatsApp imene inkalowa m'foni ya mtundu uliwonse. Ndipo kuno kwathu msika sunatengedwe ndi foni yapamwamba koposa. Unatengedwa ndi Tecno ndi Itel, za kampani ya ku China yotchedwa Transsion, chifukwa zinabwera ndi malo a simukhadi ziwiri, batire yopirira kuzima kwa magetsi, kamera yojambula bwino khungu lakuda, ndi mtengo woti munthu wogulitsa tomato n'kuufikira. Amene ali ndi nambala ya TNM ndi ya Airtel sanafunike kuuzidwa ubwino wa simukhadi ziwiri.

Kutsatsa malonda kumathandiza kuti munthu agule koyamba. Kugula kachiwiri kumadalira zimene anapeza atafika nacho kunyumba.

Bizinesi ina yatchuka kwambiri kwathu kuno. Ndilowemo?

Kumbukirani zinziri. Mbiri itafala yoti mazira ndi nyama yake zimachiza matenda osiyanasiyana, anthu ku Kenya, ku Zimbabwe ndi kuno anamanga makola, ena anatenga ngongole kubanki m'khonde. Amene anapindula kwambiri ndi oyamba aja, chifukwa ankagulitsa anapiye ndi mazira kwa ofuna kuyamba kuweta. Aliyense atakhala woweta, ogula oti adye anapezeka ochepa, mtengo unagwa.

Choncho musanalowe, funsani kuti akugula ndani. Ngati ogula ambiri ndi anthu ofunanso kugulitsa chinthu chomwecho, mwachedwa kale. Ngati akugula ndi ogwiritsa ntchito, ndipo akubweranso mawa, pali msika weniweni, ngakhale phindu lidzachepa opikisana nanu akachuluka. Kabaza wa njinga zamoto ndi wa mtundu wachiwiriwu: anthu adzafunabe kufika kuchipatala ndi kumsika, kungoti pasiteji pamene panali njinga zisanu pano pali makumi atatu.

Chinthu chikagwa chingadzukenso?

Chingathe, ndipo pali njira ziwiri. Yoyamba ndi yoti cholowa m'malo mwake chikhumudwitse anthu. Winston Churchill anatsogolera Britain pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, anagwa pachisankho cha 1945 nkhondo ya ku Ulaya itangotha, n'kubwereranso mu 1951. Kampani ya Coca-Cola inasintha kakomedwe ka chakumwa chake ku America mu April 1985, anthu anakwiya, ndipo pasanathe miyezi itatu chakale chija chinabwezedwa n'kuyamba kugulidwa mwamphamvu. Kubwerera kwa Peter Mutharika ali ndi zaka 85 ndi kwa mtundu womwewu. Ovota ambiri ankayerekeza mtengo wa thumba la chimanga, feteleza ndi shuga wa 2019 ndi wa 2025.

Yachiwiri ndi nthawi. Kamuzu anazengedwa mlandu wa kuphedwa kwa nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza mu 1983, khoti linamupeza wosalakwa mu 1995, ndipo anamwalira mu November 1997 dzina lake litachotsedwa pamalo ambiri. Patapita zaka dzina linabwerera pabwalo la ndege, pachipatala chachikulu ndi pasitediyamu, mu 2006 boma linatsegula chiliza chake ku Lilongwe, ndipo 14 May ndi tsiku la tchuthi lomukumbukira. Achinyamata ambiri amene amamutamanda lero anabadwa iye atachoka kale. Amaona misewu, Kamuzu Academy ndi nyumba za ku Capital Hill. Makadi okakamiza ndi ndende zopanda mlandu amangozimva, pamene mabanja amene anataya abale awo akadali ndi chilonda. Kenneth Kaunda nayenso anagonja moipa mu 1991, anavutitsidwa ndi boma lotsatira mpaka kumulanda unzika kwa kanthawi, koma pomwalira mu 2021 Zambia yonse inamulira ngati tate wa dziko.

Munthu wakufa kapena wopuma savutanso kumukonda, chifukwa sakukwezanso mtengo wa chilichonse.

Kodi intaneti yasintha zonsezi?

Yawonjezera liwiro. Kavinidwe kamene kale kakanatenga chaka kuti kachoke ku Ndirande kufika ku Chitipa pano kamafika tsiku limodzi pa TikTok, ndipo pakatha milungu iwiri kaiwalika. Wandale akalankhula mawu olakwika pamsonkhano wa kumudzi, madzulo ake kavidiyo kali m'foni ya Mmalawi wa ku Johannesburg ndi wa ku Leeds. Koma kudziwika ndi kukondedwa ndi zinthu ziwiri. Munthu amatha kukhala ndi omutsatira zikwi mazana amene amangobwera kudzamuseka.

Ndingadziwe bwanji kuti kutchuka kwanga, kapena kwa malonda anga, kwayamba kutsika?

Musayembekeze kumva kwa amene amadya nanu. Iwo amakhala omaliza kunena, ndipo ena amakhala atayamba kale kukambirana ndi mbali inayo. Kwa wandale, chizindikiro choyamba ndi nthabwala. Anthu akasiya kukwiya n'kuyamba kukupekerani mayina oseketsa, zinthu zafika poipa. Chachiwiri ndi mtengo wa khamu: ngati chaka chatha anthu ankabwera okha wapansi ndipo chaka chino pakufunika malole ndi ndalama ya chakudya, nambala ya anthu pabwalo ingakhale yomweyo koma nkhani yasintha. Chachitatu ndi aphungu ndi makhansala, amene amanunkhiza mphepo msanga kuposa wina aliyense. Bingu atamwalira mu April 2012, sipanathe masabata ambiri aphungu ochuluka a DPP asanavale malalanje a PP, chipani cha Joyce Banda.

Kwa wamalonda, yang'anani makasitomala akale, osati atsopano. Atsopano amabwera chifukwa cha mbiri ya dzulo, ndipo amatha kubisa vuto kwa miyezi ingapo. Lembani m'kabuku amene ankagula sabata iliyonse ndipo pano sakuonekanso, kenako mufunse awiri kapena atatu kumene akugula tsopano ndi chifukwa chake. Ambiri sadzakuuzani kuti mandasi anu achepa kapena kuti mtsikana wa pakauntala amayankha mwamwano, pokhapokha muwafunse muli awiri, ndipo musayambe kudziteteza asanamalize kulankhula.